Tigule makompyuta kuti ophunzira athu akuluakulu aziphunzira pa intaneti?

Funso ili lachokera kwa mayi wina wa ku Chitakale ku Mulanje, ndalifupikitsa pang'ono:

"Ndimayendetsa kasukulu kophunzitsa akuluakulu ntchito zamanja, utelala ndi zoika masola, komanso masana ena timakhala ndi kalasi ya kwacha ya amayi ofuna kudziwa kuwerenga ndi kuwerengera. Ambiri mwa ophunzira athu amagwira ntchito ku esiteti kapena ali ndi timinda tawo ta tiyi, ena ndi a geni pamsika. Mvula ikangoyamba kalasi imatha, anthu amasowa mpaka cha mu Epulo, akabwera ayiwala zambiri, ena sabweranso. Anzathu a mpingo wina wakunja atipatsa kandalama akuti tiyambe e-learning. Mnyamata wina wa makompyuta watipatsa koteshoni ya makompyuta 10 ndi webusayiti yophunzirirapo yotchedwa Moodle. Tipange zimenezi? Ndikuopa kuononga ndalama za eni."

Mayi, pepani ndiyankha motalika chifukwa nkhaniyi imandikhudza, ndalama zambiri za maphunziro a akuluakulu zathera mmakompyuta omwe pano angoti fumbi mbuu mmaofesi. Yankho langa lachidule ndi loti koteshoniyo musasayine kaye. Sikuti mnyamatayo ndi wakuba ayi, mwina ntchito yake amayidziwa ndithu, koma wayankha funso lomwe inu simunafunse. Vuto lanu mwalitchula nokha. Kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo tiyi amakhala wachita kuphuka, munthu amalawira kusanache kukathyola, amadikira sikelo, pofika pakhomo dzuwa lapendeka, thupi lili lefu, kwinaku kumunda kwa chimanga kukufunika kupalira ndi kubandira. Nde munthu ameneyu makompyuta 10 okhomeredwa mchipinda ku Chitakale amuthandiza bwanji, pomwe chikumukanika ndi kufika ku Chitakale komweko? Chofunika ndi choti phunziro limutsate kwawo miyezi imeneyi kuti asayiwale komanso asataye mtima, ndipo chida chomwe chingachite zimenezo ambiri ali nacho kale mthumba kapena amanga pansonga ya chitenje. Foni.

Koma musangokhulupirira za ine, fufuzani nokha. Tsiku lina la kalasi uzani aliyense abwere ndi foni yomwe amagwiritsa ntchito, aziyike patebulo, inu mutenge kope muzilemba. Osafunsa kuti "muli ndi foni?" chifukwa aliyense ayankha eya. Funsani kuti foniyi ndi yandani, imagona kuti, masana imakhala ndi ndani, mumatchajitsa kuti komanso kangati pasabata, WhatsApp ilimo, bandulo yomaliza munagula liti ndipo inali yanji, pakhomo panu netiweki imagwira kapena mpaka mukwere pachulu. Mupeza magulu atatu. Pali omwe ali ndi foni yakeyake ya tachi, ka itel kapena Tecno. Pali a kafoni ka mabatani kolowa memore khadi. Ndipo pali omwe foni ndi ya bambo akunyumba kapena ya mwana, amayigwira usiku okha mwiniwake akalola. Amene amachokera cha ku Limbuli ndi ku Muloza muwafunsenso bwino, malo ena kufupi ndi malire foni imalumphira ku netiweki ya ku Mozambique. Kope limenelo ndi lomwe likuuzeni choti mugule, osati koteshoni.

Gulu lachitatulo ndiimepo pang'ono chifukwa anthu opanga mapulani mmatauni amaliyiwala. Mayi akamagwiritsa foni ya amuna awo, meseji ya mphunzitsi wachibambo ikalowa 9 koloko usiku, mnyumba mutha kubuka nkhani, ndipo mayiyo sadzakuuzani chifukwa chake, adzangosiya sukulu basi. Ndaziona zikuchitika. Mankhwala ake ndi ophweka koma ambiri amawalumpha: musanayambe itanani amuna awo kapena owayang'anira, ngati nkotheka ndi amfumu omwe, muwaonetse kuti mameseji azibwera masiku akuti, nthawi yakuti, kuchokera pa nambala ya sukulu osati ya mphunzitsi, ndipo zonse zizikambidwa pagulupu osati kumbali. Bambo akamvetsa amasanduka okumbutsa mkazi wawo kuti phunziro lafika.

Kuphunzira uli kutali si zachilendo kuno kwathu. Malawi Correspondence College inayamba mu 1965, yomwe pano timati Malawi College of Distance Education ku Blantyre, ndipo anthu ankalandira maphunziro pa positi ndi pa wailesi, ena anakhoza JC ndi MSCE mwanjira imeneyo ali pantchito. Sukulu za kwacha zomwe mukuchitazo boma linazikhazikitsa ngati pulogalamu ya dziko lonse mu 1986. Ndiye chatsopano apa ndi chida chonyamulira phunziro basi. Ndipo mayeso aakulu a zida zimenezi tinawaona kale, sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Makoleji ambiri anathamangira ku Moodle, Google Classroom ndi Zoom. Ophunzira a mtauni a makolo opezako bwino analowa, koma akumudzi ambiri anangoti zii, ndipo aphunzitsi pamapeto anabwerera ku WhatsApp chifukwa ndi komwe anthu anali. Ana a pulayimale ena ankamvera maphunziro pa wailesi. Kumbukirani kuti amenewo anali ana asukulu oti Chingerezi amachidziwa komanso tsiku lonse anali pakhomo. Nanji anu oti tsiku lathera mmunda wa tiyi.

Tiyeni tiwerengere za data chifukwa apa ndi pomwe mapulani ambiri amafera. Kalasi ya Zoom ya vidiyo ola limodzi imadya ma MB opitirira 500, kwa wophunzira aliyense, ndiponso imafuna kuti onse akhale pa netiweki yabwino nthawi imodzi. Voisi ya pa WhatsApp ya mphindi 3 sifika olo MB imodzi, ndipo munthu amayimvera nthawi yomwe wapeza mpata, kuyibwereza kaya kasanu osalipiranso. Vidiyo ya mphindi 2 ikadutsa mu WhatsApp imatsika kufika cha mma MB 10 mpaka 20. Chinanso chomwe a makompyuta sakonda kutchula ndi ichi: anthu ambiri kumudzi sagula bandulo ya intaneti yonse, amagula ka bandulo ka WhatsApp kapena Facebook kotchipa kaja, kaya pa Airtel kaya pa TNM, ndipo bandulo imeneyo siitsegula linki ya YouTube kapena webusayiti yanu ya Moodle. Mukatumiza linki munthu adina, sizitseguka, adinanso, sizitseguka, aganiza kuti iyeyo ndi amene ali mbuli, asiya. Nde chilichonse chomwe mukutumiza chizikhala chenichenicho mkati mwa WhatsApp, osati linki.

A tifoni ta mabatani musawasiye. Pamsika uliwonse, kaya pa Chitakale, pa Chinakanaka, pa Nkando, pa Luchenza, pali anyamata obena nyimbo ndi mafilimu mmamemore khadi, ndipo anthu njira imeneyi anayizolowera kale. Inunso chitani chimodzimodzi. Mvula isanayambe ikani maphunziro onse a miyezi ikubwerayo pa khadi ya wophunzira aliyense, mavoisi ngati MP3, mavidiyo mu saizi yaing'ono yoti kafoni kake katsegule (yesani kaye pa kafoni kenikeniko musanagawe, ena amakana MP4 amafuna 3GP), mafayilo muwapatse manambala, 01, 02, 03, kuti olo wosadziwa kuwerenga bwino adziwe koyambira. A mafoni a tachi atha kupatsana kudzera pa pulogalamu ya Xender kapena Bluetooth popanda data. Mukatero WhatsApp kapena SMS imangotsala yokumbutsa kuti sabata ino tili pa nambala 6, komanso yofunsirana mafunso.

Tsopano kodi ndi chani chomwe chingalowe mufoni, ndi chani chomwe sichingalowe? Apa ndi pomwe muyenera kukhala pansi ndi aphunzitsi anu, mutenge silabasi, mudutse mutu ndi mutu. Pa utelala, kuyeza thupi ndi tepi, kulemba miyeso, kuwerengera kuti diresi ya sukulu ya mwana wa zaka 10 ifuna mamita angati, kuika mtengo powerengera nsalu, ulusi, zipi, mabatani ndi thukuta lako, kulowetsa ulusi mmakina, kuzinga bobini, pothira oyilo, chomwe chimapangitsa makina kudumpha kapena kudula ulusi, zonsezi zimalowa bwinobwino mu vidiyo yaifupi. Pojambula musajambule nkhope ya mphunzitsi akulankhula pa bolodi, palibe amaphunzira kanthu pamenepo. Mangani foni pamwamba iziona manja okha, panja pamthunzi pomwe kukuwala bwino, nsalu yowala ulusi wakuda kuti mzere uzioneka, mphunzitsi azifotokoza mChichewa cha tsiku ndi tsiku chomwe amalankhula mkalasi. Vidiyo imodzi chinthu chimodzi. Koma kupalasa makina kuti phazi ndi manja zigwirizane, kusoka mzere woongoka, kulumikiza kolala kapena mkono kuti usakwinyike, zimenezo foni singaphunzitse, zimafuna munthu akhale pamakina wina amugwire dzanja.

Pa masola ndi chimodzimodzi. Kuwerengera katundu, mwachitsanzo mababu 3 a ma watt 5 oyaka maola 4 ndi ma watt-hour 60 patsiku, kenako kuonjezera wailesi ndi kutchaja mafoni kuti udziwe panelo ndi batire yofunika, izi munthu atha kuyeserera kunyumba ndi pensulo nkujambula pepala lake kutumiza. Malamulo a chitetezo, kusiyanitsa pozitivi ndi negetivi, chifukwa chomwe timayambira kulumikiza batire ku kontirola (kabokosi koyang'anira katchajidwe ka batire) tisanalumikize panelo, zonsezi voisi ndi chithunzi zimakwana. Koma munthu yemwe sanagwirepo mita kuyeza batire mphunzitsi ali pambali, yemwe sanamangepo waya nkumukoka kuona ngati wagwira, musamutumize padenga la munthu chifukwa choti anaonera mavidiyo onse. Nyumba zimapsa ndi waya womangidwa mwachibwana. Paja ngakhale TEVETA, yoyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, maphunziro ake ndi oti munthu amayesedwa pochita ntchitoyo woyesa akuona, osati pongolongosola. Ndekuti kalendala yanu itembenuzeni: zamanja zonse zipanikizidwe miyezi ya chilimwe, Meyi mpaka Novembala, pomwe anthu ali ndi mpata, zowerengera ndi zobwereza zikhale za pafoni nthawi ya dzinja, kuphatikizapo tsiku limodzi pamwezi, kaya Loweruka masana kaya Lamulungu akaweruka kutchalitchi, loti onse akumane maso ndi maso. Tsiku limodzi limenelo musalichotse zivute zitani, ndi lomwe limagwira gulu kuti lisabalalike.

Ngati muli ndi ophunzira omwe mumawatumiza kwa amisiri, kwa telala wa pakhonde kapena kwa woika masola, foni ili ndi ntchito ina yabwino kwambiri yomwe anthu saiganizira. Mmalo modikira kuti mphunzitsi apeze thiransipoti yokawayendera ku Thekerani kapena ku Masambanjati, wophunzira azijambula ntchito yomwe wagwira sabata imeneyo, poyamba, pakati ndi pomaliza, mmisiri anenepo mawu awiri atatu pa voisi kuti wagwira yekha kapena wathandizidwa, inu muzisunga mu foda ya dzina lake pamodzi ndi logibuku ya pepala. Pakutha pa chaka muli ndi umboni wooneka wa zomwe munthuyo amatha. Umboni woterewu umathandizanso kwa amisiri omwe anaphunzira ntchito pamanja opanda pepala, chifukwa TEVETA ili ndi njira yotchedwa Recognition of Prior Learning yowayesa pa luso lomwe ali nalo kale. Mukapita ku ofesi yawo ku Blantyre mukafunse zomwe amafuna pakali pano. Kuyendera kwenikweni kusathe ayi, koma kuchepe, ndipo mphunzitsi akamapita azidziwa kale yemwe akuvutika.

Kayendetsedwe ka gulupu nako kali ndi luso lake. Mukangotsegula gulupu imodzi aliyense nkumalemba, pakutha pa sabata mudzaza mauthenga a maliro, mavesi, mpira ndi malonda, phunziro likwiririka ndipo mafoni a anthu adzaza. Tsegulani awiri. Loyamba olemba ndi aphunzitsi okha, mumangolowa maphunziro. Lachiwiri ndi la mafunso ndi mayankho, likhale la anthu ochepa, 15 kapena 20, oti amadziwana nkhope. Masiku akhale odziwika, tinene Lachiwiri ndi Lachisanu cha mma 6 madzulo, osasinthasintha. Phunziro lililonse lizitha ndi kantchito kamodzi kochita ndi manja, monga yezani chiuno ndi msinkhu wa mwana wanu mutumize manambala. Kuyankha pa voisi kuloledwe. Musamakonze munthu wamkulu pagulu momuchititsa manyazi, tchulani cholakwikacho osatchula dzina, chifukwa bambo wa zaka 45 yemwe ndi kapitawo kuntchito kwake akasekedwa kamodzi ndi achinyamata sadzalembanso. Ndipo yemwe wakhala chete masabata awiri muyimbireni foni, osati meseji, kumuyimbira. Nthawi zambiri mupeza kuti foni inagwera mmadzi, kapena anayipinyolitsa, kapena mwana akudwala, ndipo kungomva mawu a mphunzitsi wake kumamubweza.

Apa ndafika pa chinthu chomwe ndikufuna muchimve kuposa zonse, mayi. Ntchito yonseyi imagwera pa mphunzitsi. Kukonza voisi ya mphindi 3 yomveka bwino kumatenga nthawi yoposa theka la ola, kujambula vidiyo kumatha masana onse, kumvera mayankho a anthu 20 usiku ndi ntchito ndithu, ndiye malo ambiri amagula zida zodula koma mphunzitsi osamuonjezera olo mayunitsi, amayembekezera kuti azigwiritsa bandulo yake ndi nthawi ya banja lake. Mwezi woyamba amachita ndi chidwi, wachiwiri amayamba kuchedwa kuyankha, wachitatu gulupu yafa, kenako lipoti limalembedwa kuti anthu akumudzi safuna tekinoloje. Si zoona. Anatopa ndi mphunzitsi. Alangizi a sukulu za kwacha ndiye ndi nkhani ina, ambiri amalandira kangachepe chabe. Choncho mu bajeti yanu mzere woyamba ukhale alawansi ya mwezi ndi mwezi ya aphunzitsi pa ntchito ya pafoni, bandulo yawo, ndi foni imodzi yabwino ya sukulu ya kamera yooneka ndi malo okwanira. Komanso aphunzitsi achikulire, amisiri enieni aja odziwa ntchito koma oopa foni ya tachi, musawakankhire kumbali nkutenga achinyamata ongodziwa kudina. Mphatikizeni mmisiri ndi wachinyamata, wina azisoka ndi kufotokoza wina azijambula. Luso lomwe ophunzira akufuna lili mmanja mwa wachikulireyo.

Kalasi ya kwacha ija muisamale mwapadera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita mtsogolo, pafupifupi 69 ndi omwe amadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo amayi ndi omwe ali mmbuyo. Kwa amenewa foni isakhale njira yokha yotumizira phunziro, ikhale phunziro lenilenilo. Mayi amene akufuna kudziwa kuwerenga nthawi zambiri ali ndi chifukwa chake chenicheni: akufuna aziwerenga yekha meseji ya Airtel Money kapena Mpamba osapereka foni kwa ejenti kapena mwana wa neba, akufuna aziona yekha makilo omwe kalaliki walemba pa sikelo, akufuna azitsata kope la banki mkhonde. Yambirani pamenepo. Kupeza dzina la mwana wawo mufoni, kuwerenga balansi, kusunga PIN mwachinsinsi, kuzindikira meseji ya akuba aja oti ndatumiza ndalama molakwika mundibwezere. Zimenezi akaziphunzira lero mawa azigwiritsa ntchito, sangayiwale olo mvula igwe miyezi isanu. Kugwira pensulo ndi kuumba zilembo kumafunabe kope ndi mlangizi pambali, foni ingokumbutsa. Ndipo ngati agogo ena amamasuka bwino mChilomwe, voisi ilibe vuto ndi chilankhulo, pezani wina mkalasimo afotokozenso mChilomwe. Njira ya mawu imeneyi ena anayiyesa kale mdziko muno, paja pa Airtel panabwera nambala ya 321 yomwe munthu amayimba nkumvera uphungu wa ulimi ndi zaumoyo mChichewa. Wailesi ya mdera ngati Mzati FM nayonso musaidelere ngati mungakwanitse kugula mphindi zochepa pasabata.

Za magetsi. Kalembera yemweyo wa 2018 anaonetsa kuti nyumba zounikira magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, kumudzi ndiye zochepa kwambiri. Zinthu zasinthako ndi timasola ta mmakomo, ndipo anthu a ku Bondo ali ndi mwayi wa magetsi a madzi a mtsinje wa Lichenya omwe a kampani ya MEGA amayendetsa, koma ambiri amatchajitsabe pa golosale molipira. Tonse tikukumbukira mdima womwe unabwera namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, ma megawati pafupifupi 130 kuchoka nthawi imodzi, komanso mmene Freddy anadulira misewu ndi mapolo kuno mu Malichi 2023. Nyengo yomwe mukufuna e-learning igwire ntchito ndi nyengo yomweyonso ya mabulakauti ndi mitambo. Ndiye mwamwayi inu mumaphunzitsa za masola, gulani zipangizo ophunzira anu omwewo amange sola ya pasukulu ngati pulakitiko yawo, ikhale ndi potchajira mafoni ambiri ulere kwa ophunzira. Mudzaona anthu akubwera kudzatchaja, ndipo akabwera amatenga maphunziro atsopano, amafunsa funso, amakhala pamakina kwa theka la ola.

Sindikunena kuti kompyuta ndi yosafunika. Laputopu imodzi kapena ziwiri mukufunika, yokonzera mavidiyo, kusungira mafayilo ndi marekodi a ophunzira, kuphatikizapo hadi diraivi yosungira kope lachiwiri la zonse. Ngati mtsogolo mudzafune kuti anthu aziphunzira pa sikirini pasukulu pomwepo, pali mapulogalamu aulere ogwira popanda intaneti ngati Kolibri, yomwe mumaika pa laputopu imodzi mafoni nkumalumikizika pa Wi-Fi ya mchipindamo, ndipo mutha kuikamo mavidiyo anuanu. Zambiri zomwe zimabwera kale mmenemo ndi za Chingerezi ndiye musadalire zimenezo. Moodle payokha ndi yabwino, sindikuinyoza, ndi yaulere ndipo mayunivesite padziko lonse amaigwiritsa ntchito. Imayenera malo ngati yunivesite ya MUST ku Ndata, yomwe inatsegulidwa mu 2014, komwe ophunzira ndi ambirimbiri, aliyense ali ndi imelo, ndipo pali anthu olembedwa ntchito yoyang'anira makinawo tsiku ndi tsiku. Kwa inu ikhala nkhokwe yomangidwa bwino koma chimanga mulibe, chifukwa Moodle imabwera yopanda phunziro olo limodzi, zonse muyenera kupanga nokha. Kuonjezera apo malo osungira webusayiti ndi dzina lake zimalipiridwa chaka ndi chaka, kawirikawiri mitengo yake imatsatira dola, ndipo mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Anzanu akunjawo akadzasiya kutumiza, adzalipira ndani? Nanga ophunzira akamaiwala pasiwedi sabata iliyonse, adzawatsegulira ndani?

Popeza ambiri mwa anthu anu ndi a ku esiteti, pitani mukacheze ndi a ofesi yoona za antchito kumeneko, komanso atsogoleri a mabungwe a alimi ang'onoang'ono a tiyi ngati Sukambizi. Olemba anthu ntchito amalipira kale msonkho wothandizira maphunziro a ntchito zamanja wotchedwa TEVET levy, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, kudzera ku MRA, ndiye nkhani ya kuphunzitsa antchito si yachilendo kwa iwo. Komanso omwe amagulitsa tiyi wa chizindikiro cha Fairtrade kapena Rainforest Alliance amafunika kuonetsa umboni woti anthu anaphunzitsidwa zinthu ngati kusamala popopera mankhwala ndi kuvala zodzitetezera. Mukakhala ndi luso lopanga timaphunziro ta mawu ndi mavidiyo mChichewa chomveka, ndi kaundula wosonyeza yemwe wamva ndi kuyankha, muli ndi chinthu choti mutha kukambirana nawo. Chomwe mungapemphe poyamba si ndalama ayi, ndi zazing'ono: chilolezo choti tsiku lokumana pamwezi lija lidziwike kwa akapitawo, kapena kashedi kokumanirako kufupi ndi komwe anthu amakhala.

Ziwiri zoti musamale. Choyamba ndi mapepala. Ophunzira anu akazolowera foni ayamba kuona zotsatsa za makosi a pa intaneti olonjeza satifiketi kapena dipuloma mmasabata ochepa, ena ofuna ndalama pa Mpamba. Auzeni poyera kuti kuphunzira pa intaneti ndi kwabwino koma pepala lomwe bwana kuno angalilemekeze ndi lochokera ku sukulu yolembetsedwa, za ntchito zamanja afunse ku TEVETA, za ukachenjede afunse ku NCHE, bungwe loyang'anira masukulu a ukachenjede, asanalipire. Inunso ngati kasukulu kanu sikanalembetsedwe, gawo la ndalamayo lipite kumeneko, zithandiza ophunzira anu kuposa kompyuta iliyonse, ndipo amene akufuna kupitiriza adzakhala ndi poyambira akamafunsira malo ku makoleji a mmadera omwe boma linayamba kutsegula mu 2015, ngati ya Milonga ku Thyolo. Chachiwiri ndi zithunzi ndi manambala a anthu. Opereka thandizo amakonda zithunzi, koma mayi wa kalasi ya kwacha mwina sakufuna dziko lonse lidziwe pa Facebook kuti sankadziwa kuwerenga. Pemphani chilolezo momveka, wokana musamujambule, manambala a ophunzira musapereke kwa wina aliyense. Pano tilinso ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 lokhudza zimenezi.

Anzanu a mpingowo alembereni kalata yowafotokozera zomwe mwapeza mu kope la mafoni lija, muwauze kuti e-learning muchita ndithu koma ya pafoni, ndipo muyesa kaye dzinja limodzi ndi kalasi imodzi. Muwalonjeze nambala imodzi yomwe ili ndi tanthauzo: mwa anthu omwe analipo mu Novembala, ndi angati abwerera mu Meyi, ndipo mwa obwererawo ndi angati akhoza kantchito koyesera komwe mwakonza, poyerekeza ndi chaka chatha malinga ndi rejisitala yanu. Kuchuluka kwa mameseji otumizidwa kapena anthu omwe ali pagulupu sikunena kanthu. Ambiri opereka thandizo akaona kuti mwaganiza mofatsa amavomera, ndipo ndalama yotsala muisunge chifukwa mafoni amasweka, makhadi amatayika.

Mnyamata wa koteshoni uja musamutaye. Muuzeni abweretse ina: kuphunzitsa aphunzitsi anu kujambula ndi kudula mavidiyo, kuchepetsa saizi yake kuti alowe mtifoni ta mabatani, kukonza mafoda ndi kusunga kope lachiwiri, ndi kubwera kamodzi pamwezi kwa theka la chaka kudzaona zovuta. Mulembe pa pepala kuti mapasiwedi onse, nambala ya WhatsApp ya sukulu ndi mafayilo onse ndi za sukulu ndipo inuyo muli nazo mmanja, chifukwa achinyamata aluso sachedwa kupeza ntchito ku Blantyre kapena kulowera ku Joni. Kujambula muyambe mu Ogasiti kapena Seputembala kukadali kouma komanso aphunzitsi ali ndi ophunzira oyeserapo, kuti pofika pakati pa Novembala makhadi akhale atagawidwa. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kalasi ya utelala, mutu wa kuyeza thupi ndi kuwerengera mtengo wa chovala, chifukwa tepi ndi yotchipa moti aliyense mutha kumugulira apite nayo kunyumba, ndipo anthu oti awayeze ali nawo kale pakhomo.